Njanji ya Zambia ndi Mlimi wa Kum'mawa

Munthu wobadwira ku Lundazi, ku Katete kapena ku Petauke angathe kukula, kukwatira, kulera ana mpaka kumera imvi osaona sitima ya pamtunda ndi maso ake. Amangoimva kwa abale ocokera ku Lusaka ndi ku migodi, kapena kuiona pa cithunzi m'buku la mwana wa sukulu. Cifukwa ca ici ambiri amayesa kuti nkhani ya njanji ndi ya anthu a m'matauni okha. Maganizo otere ndi olakwika. Mtengo wa thumba la feteleza pa Chipata, ndiponso mtengo umene ogula amapereka pa thumba la nshawa kapena la soya, umadalira kwambiri njira imene katunduyo amayendamo, ndipo pamene palibe sitima, ndalama yolipira malole imacoka m'thumba la mlimi. Ncifukwa cake nkoyenera kuti anthu a ku midzi adziwe kumene njanji ya dziko lino imadzera, amene anaiyala, ndi cimene inalambalalira cigawo ca Kum'mawa.

Njanji yaikulu ya Zambia inalowa m'dziko muno kucokera kum'mwera. Inafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1904, ndipo ulalo wacitsulo woolokera mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa mu 1905. M'caka comweco njanji inafika pa Kalomo. Mu 1906 inaoloka mtsinje wa Kafue pa ulalo wa mamita 427 ndi kufika pa Broken Hill, pamene lero pachedwa Kabwe, cifukwa pamenepo panali mgodi wa mtovu ndi zinki. Mu 1909 inafika pa malire a dziko la Congo, kupitirira Ndola. Pamene migodi yaikulu ya mkuwa inayamba kukumbidwa, ca m'ma 1930, anaonjezera nthambi zopita ku Luanshya, Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Wocoka pa Livingstone kupita ku Kitwe amayenda makilomita pafupifupi 850, kudzera pa Zimba, Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue, Lusaka, Kabwe, Kapiri Mposhi ndi Ndola.

Ambiri a matauni amenewa anabadwa ndi njanji. Sitima za masiku amenewo zinali zoyendera moto ndi nthunzi, ndipo zinali kufuna malo oimapo kuti zitunge madzi ndi kupatukirana. Lusaka weniweniyo anayamba mu 1905 monga kasiteshoni kotere, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo mu 1935 boma la atsamunda linasamutsirako likulu lake kucokera ku Livingstone. Azungu olima minda yaikulu anatenga nthaka ya m'mbali mwa njanji, masitolo ndi mafakitale anatsata komweko, kotero kuti mpaka lero odziwa za cuma amagawa dziko lino pawiri: madera a m'mbali mwa njanji ndi madera akutali ndi njanji.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Atsamunda sanayale njanji kuti ilumikize anthu a dziko lino. Anaiyala kuti itulutse miyala ya mtengo wapatali kupita ku nyanja, ndi kubweretsa malasha a ku Wankie ku migodi. Chipata, amene pa nthawiyo anali kuchedwa Fort Jameson, anali likulu la North-Eastern Rhodesia, koma popeza kunalibe mgodi waukulu, njanji inadzera kutali kumadzulo. Cimene anali kufuna Kum'mawa ndi manja a anthu. Amuna a Cicewa, a Cinsenga ndi a Cingoni anali kuyenda pansi masabata angapo kukagwira nchito ku minda ndi ku migodi ya Southern Rhodesia kuti apeze ndalama ya msonkho, ndipo ambiri a iwo sitima anakaionera kumeneko.

Okonda za sitima ayenera kudziwa cinthu cimodzi cimene ambiri saciganizira. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ya Zambia ndi mamilimita 1,067, ndiye kuti mita imodzi ndi pang'ono. Mpata womwewu ndiwo uli pa njanji za Zimbabwe, Botswana, South Africa, Malawi, Mozambique, Angola ndi kum'mwera kwa Congo. Tanthauzo lake ndi lakuti bogi yopakiridwa pa Ndola ingathe kufika pa doko la Durban kapena la Beira popanda kutsitsa katundu pa njira. Njanji yakale ya pakati pa dziko la Tanzania, imene anayala Ajeremani, ili ndi mpata wa mita imodzi yokha, ndipo mabogi a kuno sangayendepo.

Ufulu wodzilamulira utabwera mu 1964, cilema ca njanji yoyang'ana kum'mwera cinaonekera msanga. Mu November 1965 Ian Smith analanda ulamuliro ku Rhodesia, ndipo Zambia anapezeka kuti khosi lake lili m'manja mwa mdani. Mkuwa wotuluka, malasha ndi katundu wina wolowa, zonse zinali kudzera pa ulalo umodzi wa pa Zambezi. Mu 1967 kampani ya Rhodesia Railways inagawidwa, ndipo mbali ya kuno inakhala Zambia Railways, imene likulu lake ndi malo okonzera sitima zili pa Kabwe. Boma linatsegula mgodi wa malasha ku Maamba ndi kuyala nthambi yocoka pa Choma kupita ku Masuku kuti dziko lileke kudalira Wankie. Mu January 1973 a Smith anatseka malire. Mu 1975 nkhondo ya ku Angola inatsekanso njanji ya Benguela, imene inali kunyamula mkuwa kupita ku doko la Lobito.

M'masiku ovuta amenewa ndi mmene munabadwa TAZARA. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anayamba apempha thandizo ku maiko a azungu ndi ku World Bank, koma anauzidwa kuti njanji yotere siidzapindula. Dziko la China linavomera. Pangano linasainidwa mu 1967, nchito inayamba mu 1970, ndipo pofika mu 1975 zitsulo zinali zitafika pa Kapiri Mposhi. Njanjiyi inaperekedwa m'manja mwa maboma awiri mu July 1976. Kutalika kwake ndi makilomita 1,860 kucokera pa Dar es Salaam, ndipo ndalama yake inali ngongole yopanda ciongoladzanja. Mbali ya kuno imalowa pa Nakonde ndi kudzera pa Kasama, Mpika, Serenje ndi Mkushi. Pa Mpika ndi pamene pali maofesi a cigawo ca Zambia ndi malo okonzera mitu ya sitima. Adani anadziwa kufunika kwake, pakuti mu 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wake wa pa mtsinje wa Chambeshi.

Koma pali caka cimodzi cimene mlimi sayenera kuiwala. Mu 1978 katundu anaunjikana pa doko la Dar es Salaam, mvula inali pafupi, ndipo feteleza anali asanafike m'dziko. Mu October caka cimeneco a Kaunda, amene anakana kwa zaka zisanu kugwiritsa nchito njira ya kum'mwera, analamula kuti sitima ziyambenso kuoloka pa Zambezi, ngakhale kuti nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali isanathe. Cimene cinawapinda mtima ndi munda wa cimanga. Amene amati njanji ilibe nchito kwa munthu wa khasu akumbukire zimenezi.

Kwa ofuna kuona kapena kukwera sitima, nazi zofunika kudziwa. Zambia Railways ndi TAZARA ndi makampani awiri osiyana, ndipo tikiti ya kwina siigwira nchito kwinako. Pa Kapiri Mposhi pali masiteshoni awiri, ndipo ya TAZARA, yochedwa New Kapiri Mposhi, ili patali pang'ono ndi inzake. Alendo ambiri amasokera pamenepa ndi katundu pamutu. Masiku oyendera sitima za anthu amasinthasintha, ndipo nthawi zina sitimazo zimaimitsidwa kwa miyezi, kotero kuti wanzeru amayamba wafunsa ku siteshoni asanagulitse nkhuku zake kuti apeze ya ulendo. Sitima imacedwa koposa basi, koma kawirikawiri mtengo wake ndi wotsika, ndipo munthu amakhala ndi malo otambasula miyendo ndi oika katundu. Nkofunika kunyamula madzi akumwa, kamba wa pa njira ndi cofunda, pakuti usiku wa mwezi wa June pa mtunda wa Serenje ndi Mpika si wocezera malaya okha. Wofuna kupitirira Nakonde kulowa m'Tanzania akhale ndi pasipoti. Wofuna kujambula zithunzi pa siteshoni kapena pa ulalo ayambe wapempha cilolezo kwa oyang'anira.

Malo oyenera kufikako coyamba ndi Livingstone. Kumeneko kuli nyumba yosungiramo zakale za njanji, imene ili pa malo pamene kampani yoceka matabwa ya Zambezi Sawmills inali kusungira ndi kukonzera sitima zake. Muli mitu yakale yoyendera nthunzi ndi mabogi a masiku a atsamunda, ndipo mwana wa sukulu angathe kuona ndi maso ng'anjo imene munthu anali kuthiramo malasha ndi fosholo usiku wonse. Kampani yomweyo ndiyo inayala njanji ya makilomita oposa 160 yopita ku Mulobezi kukatenga mitengo ya mukusi, imene matabwa ake olimba anali kugonekedwa pansi pa zitsulo za njanji m'maiko ambiri a kuno kum'mwera. Njanji ya ku Mulobezi inachuka ndi kuyenda pang'onopang'ono, koma kwa anthu a kumeneko yakhala njira yotulutsira ng'ombe ndi katundu kwa zaka zambiri. Ulalo wa pa mathithi, umene uli mamita pafupifupi 128 pamwamba pa madzi, ukali ciimire patapita zaka zoposa 100.

Kunena zoona, njanji ya dziko lino yadwala nthawi yaitali. Mitengo ya mkuwa itagwa, ndalama zokonzera zitsulo ndi kugula mitu yatsopano zinasowa. Mu 2003 boma linabwereketsa njanji yaikulu kwa kampani ya Railway Systems of Zambia, koma mu 2012 boma la a Michael Sata linathetsa panganolo ponena kuti njanji inali kuonongeka, ndipo linapatsa Zambia Railways madola 120 miliyoni kuti ikonze zinthu. M'zaka zonsezi katundu wolemera anathawira pa mseu. Mu 2018 panaikidwa lamulo lakuti magawo 30 pa 100 alionse a katundu wolemera, monga mkuwa, malasha, simenti ndi shuga, aziyenda pa njanji. Lamulo ndi labwino, koma lamulo silikoka mabogi. Aliyense woyenda pa mseu wa Lusaka kupita ku Ndola amadzionera yekha mndandanda wa malole ndi maenje amene amasiya.

Masamu ake ndi osavuta. Bogi imodzi imanyamula matani ngati 40, ndiye kuti matumba 800 a makilogalamu 50. Sitima ya mabogi 25 yanyamula matumba 20,000 ndi mutu umodzi kapena iwiri, pamene pa mseu pafunika malole oposa 30, lililonse ndi dalaivala wake, mafuta ake ndi matayala ake. Mseu wa Great East, wocoka ku Lusaka kupita ku Chipata, ndi wa makilomita oposa 550, wodzera m'mapiri ndi pa ulalo umodzi wa pa Luangwa. Thumba lililonse la feteleza kapena la simenti lodzera m'menemo limafika litakwera mtengo, ndipo thumba lililonse la cimanga, thonje kapena mpendadzuwa lopita ku Lusaka limagulidwa motsika, pakuti wogula amayamba wacotsa ya lole.

Tsono cigawo ca Kum'mawa cili nayo njanji, ngakhale ambiri saidziwa. Dziko la Malawi linafikitsa njanji yake ku Mchinji kucokera ku Salima ndi Lilongwe ca m'ma 1980. Mbali ya Zambia nchito inayamba mu 1982, ndipo panatsala makilomita 27 okha kuti ifike pa Chipata. Makilomita 27 amenewa anatenga zaka 28. Ana amene anaona mathirakitala oyamba akusalaza nthaka anali ndi ana awoawo pamene njanjiyo inatsegulidwa mu August 2010, m'nthawi ya a Rupiah Banda. Kucokera pa Chipata zitsulo zimapita ku Mchinji, Lilongwe, Salima ndi Nkaya, ndi kulowa m'Mozambique pa Nayuchi kudzera pa Cuamba ndi Nampula mpaka pa doko la Nacala. Ulendo wonse ndi wa makilomita opitirira pang'ono 1,000, ndipo Nacala ndi doko lakuya lofikapo zombo zazikulu. Kwa munthu wa ku Chipata njira imeneyi ndi yaifupi kwambiri poyerekeza ndi Dar es Salaam kapena Durban.

Nzomvetsa cisoni kuti kuyambira tsiku la cikondwerero lija njanjiyi sinanyamule katundu monga mmene anthu anayembekezera. Zifukwa zake nzodziwika. Njanji ya mbali ya Malawi inakalamba, ndipo madzi osefukira anaidula kangapo. Sitima siibwera kudzatenga matumba khumi. Imafuna katundu wodzaza mabogi, wosonkhanitsidwa pa malo amodzi pa tsiku lodziwika. Koma cifukwa cacikulu ndi cakuti njanji ya pa Chipata siilumikizana ndi njanji ina iliyonse ya m'Zambia. Ili ngati khasu lopanda mpini. Mutu wa sitima wocoka pa Kabwe sungafike pa Chipata pa zitsulo popanda kutuluka m'dziko ndi kuzungulira maiko a eni.

Mu 2016 boma linasainirana pangano ndi kampani ya ku China lomanga njanji ya makilomita 388 yocoka pa Chipata kudzera ku Petauke mpaka pa Serenje, pamene ikakumane ndi TAZARA. Mtengo wake unali madola oposa 2 biliyoni, ndipo nzosadabwitsa, pakuti njirayo iyenera kutsika m'cigwa ca Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga. Njanji imeneyi sinayalidwe. Pakali pano maso a maboma ndi a eni ndalama ali kwina. Mu 2025 maboma a Zambia ndi Tanzania anagwirizana ndi kampani ya ku China yochedwa CCECC kuti ikonze ndi kuyendetsa TAZARA kwa zaka 30, pa ndalama zokwana madola 1.4 biliyoni. Kumadzulo kuli ganizo la njanji yatsopano yocoka ku migodi kulowa m'Angola mpaka pa Lobito. Zonse ziwirizi nzokondweretsa, ndipo palibe Mzambia angazikane. Koma zonse ziwirizi zitsata mkuwa, monga mmene inacitira njanji ya 1909. Anthu a Kum'mawa akakhala cete, mapu a njanji adzajambulidwanso kaciwiri iwo ali kunja.

Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Makilomita 388 a ku Serenje akali pa pepala, koma makilomita 27 a ku Mchinji ali pansi, ndipo ndi pamenepa pamene payenera kuyambira nchito. Mlimi mmodzi sangadzaze bogi ya matumba 800, koma makoparetivi a boma limodzi, monga a Chadiza, Katete kapena Vubwi, angathe kudzaza mabogi angapo ngati agwirizana pa tsiku ndi pa malo. Ogula thonje, fodya ndi soya, pamodzi ndi makampani oitanitsa feteleza ndi simenti, ndiwo ali ndi katundu woculuka wokopa sitima, ndipo ayenera kukhala pansi ndi akuluakulu a njanji za maiko atatu kuti amvane mitengo ndi masiku.

Anthu okhala m'mbali mwa njanji nawonso ali ndi mbali yawo. Pali cizolowezi coipa, kuno ndi kwina komwe, ca kumasula mabauti ndi tizitsulo togwira njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, kapena kutapa miyala ya pansi pa njanji kukamangira nyumba. Wocita zimenezi amapeza ndalama ya tsiku limodzi, koma citsulo cimodzi comasuka cingathe kugwetsa sitima yonse ndi anthu ali momwemo. Ena amalima mpaka m'mphepete mwenimweni, ndipo mvula ikagwa nthaka yocirikiza njanji imakokoloka. Mafumu ndi anyakwawa ali ndi mphamvu yoletsa zimenezi m'midzi yawo popanda kudikira apolisi. Ndipo popeza sitima za kumeneko ndi zapatalipatali, anthu amaiwala kuti njanji ndi njira. Abusa a ng'ombe, oyendetsa ngolo ndi a njinga ayenera kuima ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri pamene mseu udutsa njanji, cifukwa sitima yolemera siima pomwepo monga galimoto. Woyendetsa angamange mabuleki ataona ngolo, koma mabogi amamkankhabe mtunda wautali.

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ocokera Kum'mawa, mafunso oyenera kufunsa nduna yoona za mtengatenga ndi ocepa ndiponso omveka. Kodi ndi matani angati amene anadutsa pa njanji ya Chipata caka catha? Kodi pa siteshoni pali nyumba yosungiramo katundu ndi zipangizo zokwezera ndi kutsitsira zokwanira? Kodi pangano la njanji ya ku Serenje likali lamoyo, ndipo ngati lili moyo, ndalama yake idzacokera kuti? Mayankho ake ayenera kuwerengedwa pa wailesi m'Cinyanja kuti afike ku midzi. Funso lofulumira koposa ndi la feteleza wa dzinja likudzali, pakuti amagulidwa kunja miyezi ingapo mvula isanagwe, ndipo amene amasaina mapepala ake ndiwo amasankha ngati adzatsikira pa Nacala ndi kukwera bogi, kapena adzazungulira pa malole kudzera pa ulalo wa Luangwa.